Chidatsitsa dzaye pa msewu wa East Bank

Munthu wochoka mumzinda wa Blantyre kupita ku Chikwawa amangotsika. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, msewu wa M1 umachoka pamalo okwera mamita oposa 1,000 n'kukafika m'chigwa cha Shire chomwe chili pa mamita pafupifupi 100. Msewuwo ndi wokhotakhota, ndipo dalaivala aliyense amafika m'munsi mabuleki akununkha. Pa Thabwa, m'tsinde mwa phirilo, m'pomwe pamapatukira msewu wa East Bank womwe umalambalala kuvuma kwa mtsinje wa Shire, kudutsa m'dera la Mfumu Yaikulu Makhuwira mpaka kukalowa kwa Mlolo m'boma la Nsanje.

Ndidayenda msewu umenewu m'mwezi wa Malichi 2015. Mu Januwale chaka chomwecho madzi osefukira adakokolola minda ndi nyumba, kotero kuti boma lidalengeza kuti maboma 15 mwa maboma 28 a m'dziko la Malawi agweredwa ngozi. Madzi ataphwa, chiyembekezo cha alimi chidatsalira m'madimba. Galimoto yathu, yomwe inali pikiapu yakale yokoka ndi magudumu onse anayi, idanyamula matumba a mbewu ya chimanga chocha msanga komanso mitolo ya mbewu ya mbatata. Mlimi aliyense akudziwa kuti mbewu ya mbatata siidikira munthu. Ikakhala masiku angapo padzuwa la m'chigwa muno, umakafika nazo nkhuni.

Kulira kwa gudumu

Kumanzere kwa msewuwu kuli mapiri a ku Thyolo, kumanja kuli dambo. Mitsinje monga Mwamphanzi, Maperera, Nkhate ndi Livunzu imatsika m'mapirimo mwaliwiro itasenza mchenga ndi miyala, n'kuzitula pomwe nthaka yayamba kusalala, ndipo pamenepo m'pomwe pali msewu. Chaka chimenecho malo ambiri tinkawoloka m'madzi ofika m'mawondo.

Titawoloka kachitatu, phokoso lomwe tidayamba kulimva pang'ono tili paphiri lidakula. Linali kung'ung'udza kochokera kutsogolo, kokwera galimoto ikathamanga, kotsika ikachepetsa liwiro. Dalaivala wathu, bambo wofatsa yemwe adali atagwira ntchitoyi zaka zambiri, adangoti chete. Ndidadziwa chomwe chinkamuvuta mumtima. Maberingi a gudumu lakutsogolo lakumanzere adasinthidwa miyezi itatu yokha m'mbuyomo, kachiwiri m'chaka chimodzi, ndipo ku ofesi anthu adali atayamba kale kunong'onezana kuti mwina vuto ndi kayendetsedwe kake. Beringi yoikidwa bwino imatha zaka. Yathuyi inkafa isanaone nyengo ziwiri.

Tidakwawa mpaka pa malo ena ochitira malonda, pomwe anthu adatilozera pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo padali bambo wachikulire akukonza ngolo. Adatiuza kuti adaphunzira umakaniko pa mathirakitala a m'minda ya nzimbe tsidya la Shire.

Mafunso a amakaniko

Bamboyo sadathamangire sipanala. Adayamba ndi mafunso: Phokosoli layamba liti? Mwawoloka kangati? Pomwe mudatsika phiri mudapumako musanalowe m'madzi? Kenaka adakwera nafe kuti akamve yekha.

Pamalo owongoka adapempha dalaivala kuti apinde chiwongolero pang'ono kumanja, kenaka kumanzere. Tikakhotera kumanja phokoso linkakula, tikakhotera kumanzere linkachepa.

"Mwamva, achimwene?" adatero. "Mukakhotera kumanja kulemera konse kumatsamira kumanzere. Gudumu lomwe likulira likasenzetsedwa katundu ndilo likudwala. Akadakhala matayala, kulira kukadasintha pomwe tidachoka pamiyala kulowa pamchenga paja, koma sikudasinthe."

Titaima adayandikiza dzanja pa habu, chitsulo chapakati pa gudumu. Yakumanja inali yofunda chabe. Yakumanzere inali yosagwirika. Komabe adati kutentha pakokha si umboni wokwanira, chifukwa buleki yogwira nayonso imatenthetsa habu. Tidatsekera magudumu ena ndi miyala, tidakweza galimoto ndi jeke, ndipo iye adaika chipika pansi pake kuti jeke ikaterereka pasafe munthu. Adazunguza gudumu ndi dzanja. Lidazungulira popanda chogwira, kusonyeza kuti buleki inalibe mlandu, koma munkamveka kukhukhuluza ngati mphero yopera mapira.

Kenaka adagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Lidagwedera, n'kumamveka kugogoda. Adauza dalaivala kuti aponde buleki mwamphamvu, ndipo atagwedezanso, gudumu lidangoti nji.

"Buleki imamangirira gudumu ku chitsulo chomwe lakhalapo," adafotokoza. "Kugwedera kukatha mutaponda buleki, ndiye kuti kuli m'maberingi. Kukadapitirira, tikadayang'ana ku kingpin. Kukadakhala kuti likugwedera pokhapokha mutaligwira m'mbali, tikadayamba ndi zitsulo za chiwongolero."

Ine ndidapuma, poganiza kuti matenda apezeka. Ndidafunsa kuti beringi yatsopano tingaipeze kuti. Bamboyo adandiyang'ana n'kumwetulira.

"Alangizi, zoti njovu yathyoka mnyanga tonse taona. Koma chidatsitsa dzaye n'chiyani? Mukangogula ina osafunsa, pomwe mbatata yanuyi izidzakumbidwa mudzakhala mukugulanso."

Beringi imadzichitira umboni

Galimoto zamtundu wa yathuyi zimakhala ndi maberingi awiri pa gudumu lililonse lakutsogolo, yamkati ndi yakunja. Iliyonse ili ndi mbali ziwiri zomwe okonza njinga amazidziwa bwino: kapu, yomwe imakhomeredwa mu habu, ndi koni, yomwe imanyamula timiyala tachitsulo togudubuzika. Kumbuyo kwake kuli seal ya labala yotsekera girizi mkati ndi kutchinga madzi ndi dothi. Kutsogolo kuli nati yomangira.

Amakaniko adamasula zonse n'kuziyala pa thumba loyera motsatana ndi momwe zidatulukira. Adatiletsa kutsuka kalikonse asanaone.

Choyamba adatisonyeza girizi. M'malo mokhala wonata, adali wotuwa ndi wamadzimadzi ngati thobwa. Adandipaka pang'ono pakati pa zala, ndipo ndidamva mchenga. Madzi akasakanikirana ndi girizi amamulanda mphamvu yoteteza chitsulo, ndipo mchenga umasandutsa girizi kukhala chonolera.

Chachiwiri inali seal. Inali yakale, youma, mlomo wake utang'ambika. Pachitsulo pomwe imakhudza padali kamzera kokumbika komwe chikhadabo chinkakodwamo. Omwe adasintha maberingi miyezi itatu yapitayo adabwezeramo seal yakale. Apa m'pomwe bamboyo adalumikiza nkhaniyi ndi msewu womwe tidayenda. Habu ikatentha ndi mabuleki a paphiri, mpweya wa mkati umafufuma. Ikangomizidwa m'madzi ozizira, mpweyawo umanyala mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera paliponse pomwe seal yafooka. Galimoto yotsika phiri la Chikwawa n'kulowa mumtsinje nthawi yomweyo imamwa madziwo ndi magudumu ake.

Chachitatu, atatsuka zitsulozo ndi palafini, adatisonyeza kuti koni inali yatsopano koma kapu inali yakale, yodzala timaenje ta dzimbiri. Kuchotsa kapu mu habu ndi ntchito yotopetsa, choncho amakaniko aulesi amaisiya. Koma kapu ndi koni zimaperesekera limodzi, ndipo koni yatsopano ikamayenda pa kapu yokumbika imatha msanga. M'mphepete mwa kapu ina mudali zipsera za tchizulo, chizindikiro choti idalowetsedwa ndi hamala mokhotetsa.

Chachinayi chinali mtundu wa timiyala tija. Tinali tabuluu ngati chitsulo chomwe chalowa pamoto. Bamboyo adatembenukira kwa dalaivala.

"Achimwene, nati iyi adaimanga ndani?"

Dalaivala adaweramitsa mutu. Adavomera kuti masabata awiri m'mbuyomo adamva gudumu likugwedera, ndipo poopa kukanenanso ku ofesi, adapempha mnyamata wina wa pa galaja ya m'mbali mwa msewu kuti angolimbitsa nati. Kugwedera kudatha, koma beringi idafinyidwa. Yomangidwa mopitirira muyeso imatentha n'kupsereza girizi wotsalayo, monganso yolekerera imadzimenya yokha pa bampu iliyonse.

Mlandu udapezeka kuti ngwa anthu ambiri. Galaja ya mumzinda idachita ntchito yachidule. Ofesi yathu idasankha mtengo wotsikitsitsa popanda kufunsa ngati seal ndi makapu zidawerengeredwamo. Dalaivala adabisa chizindikiro chifukwa cha mantha omwe tidamupatsa ndife. Inenso ndidali nawo wanga: ndine ndidaumiriza kuti tionjezere matumba pamwamba pa muyeso, ndiponso ndine ndidakana kuti tipume pa Thabwa.

Ndidafunsa ngati tingabwezeremo zomwezo kuti tingokafika. Bamboyo adakana kwamtuwagalu. Beringi yofika pamenepo ikhoza kugwirana ndi chitsulo chomwe yakhalapo, kapena kuphwasuka gudumu n'kuchoka galimoto ikuyenda. Msewu umenewu ngwodzala ana a sukulu ndi njinga.

Usiku m'mphepete mwa dambo

Dalaivala adakwera njinga ya kabaza kubwerera ku Thabwa kuti akapeze minibasi ya ku Blantyre, atatenga maberingi akale kuti akafananize manambala olembedwa pa chitsulocho. Ife tidatsitsa mitolo ya mbatata, tidaimasula pamthunzi n'kuiwaza madzi. Uthenga utafika kwa a komiti ya chitukuko ya m'mudzi womwe tinkapita, adatumiza ngolo imodzi ndi njinga zisanu ndi imodzi. Dzuwa lisanalowe, mbewu yonse ya mbatata inali panjira.

Usikuwo ndidagona kwa amakaniko. Mayi a pakhomopo adaphika mpunga ndi mlamba wouma, ndipo tidadyera panja, udzudzu ukuimba. Chakumadzulo kudali dambo lalikulu la Elephant Marsh. David Livingstone atadutsa pamenepa mu 1859 adaona njovu mazanamazana, ndipo dzinali lidachokera pamenepo. Lero njovu kulibe, kwatsala asodzi, mbalame, ng'ona ndi mvuu, ndipo mu 2017 dambolo lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Madzi omwewo omwe amadyetsa anthu a kuno mpunga, nsomba ndi chimanga cha m'dimba ndiwo amadya misewu yawo ndi zitsulo zawo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana, ndi mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, adakumbutsanso anthu a m'chigwachi zomwezo.

Mawa lake masana dalaivala adafika ndi maberingi athunthu, seal yatsopano ndi chitini cha girizi wa maberingi a magudumu. Amakaniko adapala kamzera kaja ndi sandipepa yosalala, n'kutichenjeza kuti tikafika mumzinda chitsulocho chikaonedwenso. Adalowetsa makapu atsopano pang'onopang'ono, akugogoda mozungulira kudzera pa kapu yakale kuti hamala isakhudze yatsopano. Girizi adamuika pachikhatho n'kumakanikizira koni mpaka adatulukira mbali inayo. Pomanga nati ankazunguza habu kuti zonse zikhazikike, adabweza pang'ono, n'kumanganso mopepuka mpaka gudumu lidazungulira momasuka popanda kugwedera. Adamaliza ndi kupinda chotsekera kuti nati isamasuke. Titayenda makilomita angapo tidaima n'kugwira habu. Inali yofunda ngati inzake.

Zotengera kwathu

Mabungwe, zipatala ndi magulu a alimi m'chigawo chino cha Africa amadalira galimoto imodzi, ndipo ikaima, katemera, mbewu ndi mayi wodwala zimaima nayo. Zomwe tidaphunzira pansi pa mtengo wa mango uja n'zosafuna ndalama zambiri.

Potsika phiri gwiritsani ntchito giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe, ndipo mukafika m'munsi pumani kuti mahabu azizire musanalowe m'madzi. M'nyengo yomwe galimoto yakhala ikuwoloka mitsinje, musadikire tsiku la sevisi: tsegulani muone girizi. Posintha beringi, sinthani kapu, koni ndi seal pamodzi, ndipo musasakanize mitundu ya girizi chifukwa ina ikakumana imasungunuka. Kamangidwe ka nati katsatire buku la galimotoyo. Galimoto zambiri zatsopano zili ndi maberingi otsekeratu omwe sapakidwa girizi kapena kumangidwa. Amenewo akayamba kulira kapena kugwedera amangosinthidwa. Katundu wopitirira muyeso komanso matayala ndi malimu aakulu kuposa omwe galimoto idabwera nawo zimafupikitsa moyo wa mitundu yonse iwiri.

Inu osunga chuma cha bungwe, uzani a galaja kuti akubwezereni zitsulo zakale, ndipo muziyang'ane. Dalaivala akanena kuti wamva phokoso, muthokozeni, chifukwa mukamukalipira adzaphunzira kukhala chete. Nanunso alimi, ngolo yomwe yawoloka mtsinje, njinga yomwe yayenda m'matope ndi chigayo chomwe chayamba kulira mwachilendo zili ndi maberingi omwe amafa imfa yomweyi.

Tidadutsanso pamalopo mu Julayi chaka chomwecho. Amakaniko adali pansi pa mtengo womwewo. Asanatipatse moni adayamba wagwira habu yakumanzere, kenaka adatambasula dzanja. Tidawasiyira dengu la mbatata lomwe alimi aja adatipatsira.