Amisiri a pa Mtakataka ankayamba ndi kufunsa

M'zaka za m'ma 1970, pamene ndinkayamba uphunzitsi kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, wailesi inali chuma chotchulidwa pogawa za masiye. Ena anali ndi ya Nzeru, yopangidwa m'Malawi momwe muno. Ena anali ndi zikuluzikulu zimene anabwera nazo kuchokera ku Wenela, maulendo a kumigodi aja asanaimitsidwe mu 1974. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti madzulo timvereko sewero la Kapalepale. Wailesiyo ikangoti zii, panalibe woganiza zogula ina. Unkaikulunga m'nsalu, n'kuimangirira pakaliyala ya njinga, ulendo wa kusiteshoni ya sitima pa Mtakataka, kumene bambo wina ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo.

Bambo ameneyu sankathamangira kumasula. Ankayamba wakufunsa ngati uli pabwalo la milandu. "Aphunzitsi, inagwa kodi? Mabatire anachucha momwemo? Yasiya kamodzin'kamodzi kapena inayamba ndi kukokoma?" Kenaka ankayang'ana zotsika mtengo kaye: dzimbiri pamene pamakhudza mabatire, kawaya ka sipika, kachingwe kosinthira masiteshoni. Nthawi zambiri vuto linkapezeka pomwepo, iwe n'kulipira matambala ochepa chabe. Likakula, ankasolola katoni ya mawailesi akufa pansi pa tebulo, n'kuzulamo kachipangizo, n'kukawotcherera ndi mtovu. Chitsulo chowotchereracho ankachitenthetsa pambaula, poti magetsi analibe. "Iyi ndiyo nkhokwe yanga," ankatero akuloza katoniyo.

Ndinkaona ngati luso limeneli linapita ndi eni ake, mpaka pamene mdzukulu wanga, amene anali pakoleji ku Lilongwe, anabwera kutchuthi cha Khirisimasi ya 2023 nkhope ili yakugwa. Laputopu yake, yakale ndithu, imene amalume ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, inali itayamba kujambula mizere pasikirini, kuphethira, kenaka mdima. Pashopu ina m'tauni anangoiyang'ana pamwamba n'kunena kuti pakufunika sikirini yatsopano. Mtengo umene anatchula unaposa penshoni yanga ya mwezi wathunthu. Sindinadabwe kwenikweni, chifukwa mu November chaka chomwecho kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera. Koma kunena mtengo usanapime, kumeneko ndiye kunandiwawa.

Tinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa Golomoti. Atangoilandira anafunsa mwanayo kuti, "Achemwali, inagwapo? Nanga mukamaitsekula mumagwira pakati kapena pakona?" Mtima wanga unakhala pansi nthawi yomweyo.

Analumikiza laputopuyo ku TV ndi nthambo ya HDMI, ndipo zithunzi zinatuluka bwinobwino, zopanda mzere. Anati apa ndiye kuti m'kati mwa kompyuta muli bwino, vuto lili kumtunda. Anawalitsa tochi ya foni pafupi ndi sikirini ija ili mumdima. Anandifotokozera kuti ukaona zilembo zozimiririka pansi pa kuwala kwa tochi, ndiye kuti galasilo ndi lamoyo, chafa ndi nyali younikira kumbuyo kwake, ndipo m'malaputopu akale kwambiri kawirikawiri chimapsa ndi kachipangizo kakang'ono kopatsa nyaliyo moto. Pa yathuyi sipanaoneke kanthu. Kenaka anayamba kuweramitsa ndi kudzutsa chivindikiro pang'onopang'ono. Pamalo ena chithunzi chinabwera choyera, atasuntha pang'ono chinathawanso.

"Agogo, sikirini yanu ilibe mlandu," anatero. "Ndi nthambo."

Pali kanthambo kopyapyala kochoka m'thupi la laputopu kupita kusikirini, ndipo kamadutsa pamene chivindikiro chimapindikira. Ukatsekula, ukatseka, kamapindika nawo. Zaka zikachuluka, timawaya ta m'kati mwake timaduka. Kuno kwathu fumbi la m'chilimwe limalowa m'mahinjesi n'kuwalimbitsa, ndiye munthu amachita kukoka ndi mphamvu, makamaka akagwira pakona imodzi. Mnyamatayo anachotsa kaye batire, chifukwa kugwira nthambo imeneyi moto uli momo kumatha kupsereza zimene zinali zabwino. Anamasula timasikuluwu n'kutiika m'chivindikiro cha botolo, anatsekula mpanda wa sikirini ndi chikhadabo, ndipo pamalo popindikira paja tinaona kanthamboko katanyuka.

Chimene ndinakonda n'chakuti sananamize kuti ali nako. Anajambula nambala yolembedwa pakanthamboko ndi ya papepala lomatidwa kuseri kwa sikirini, chifukwa zina zimalowa ndi mano 30, zina 40, ndipo ukalakwitsa wataya ndalama. Anatumiza zithunzizo pa WhatsApp kwa mnzake wa ku Malangalanga ku Lilongwe, amene anali ndi laputopu yakufa ya mtundu womwewo. Kanthamboko kanabwera m'envulopu ndi kondakitala wa minibasi. Poyembekezera, mwanayo ankalemba ntchito yake ya kusukulu atalumikiza laputopuyo ku TV ya oyandikana nawo nyumba. Zonse pamodzi, nthambo, mayendedwe ndi ntchito, ndinalipira ndi ndalama ya nkhuku zochepa zimene ndinagulitsa pamsika.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zipangizo zimene zikubwera masiku ano. Wailesi ya Nzeru inali ya masikuluwu, ndipo laputopu yakale ija nayonso batire lake limachoka ndi dzanja. Zambiri zatsopano n'zomatidwa ndi guluu, batire lili m'kati, galasi ndi chivindikiro zili chinthu chimodzi, moti kanthu kakang'ono kakafa umauzidwa kugula mbali yonse. Amene amazipanga saganizira mwana wa mlimi wa thonje wa kwa Kachindamoto. Pa Golomoti pomwepo panatsegulidwa mu 2022 malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, ndipo timanyadira. Koma magetsi sathandiza mwana amene kompyuta yake yagona m'sutikesi chifukwa cha kawaya kamodzi.

Ndikudziwa kuti m'makabati a m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu, kuyambira ku Mua mpaka ku Dedza boma, muli malaputopu akufa amene akungosonkhanitsa fumbi. Inu eni ake, fufutani kapena chotsanimo chosungira zinsinsi zanu, zotsalazo mukawapatse achinyamata okonza zinthu m'misika yathuyi. M'menemo muli masikirini, nthambo ndi mahinjesi zimene ana a sukulu akuzisowa.