Chuma Chokwiriridwa ku Kells

Chaka chatha anandituma ku Ireland kukathandiza pa parishi ina kwa miyezi iŵiri. Tsiku lina lopumula ndinakwera basi kunka ku Kells, katauni ka m'chigawo cha Meath kokhala ndi anthu oposa pang'ono 6,000, pa mtunda wa makilomita ngati 65 kuchokera ku Dublin.

Dziko la kumeneko n'lachonde ndithu. Msipu umakhala wobiriŵira chaka chonse chifukwa mvula siikata, ndipo ng'ombe zonenepa zimadya m'mabusa otchingidwa ndi mipanda ya timitengo taminga. Kumpoto kwa tauni kumadutsa mtsinje wa Blackwater, umene umayenda mwakachetechete mpaka kukathira mu Boyne ku Navan. Chakumwera kuli dambo la Girley. M'damboli ndere ndi udzu wakufa zakhala zikuunjikana kwa zaka zikwi zambiri, n'kusanduka dothi lakuda limene anthu a ku Ireland ankalidula ndi kuliumitsa kuti azisonkhera moto.

Mbiri ya Kells inakula chifukwa cha anthu othaŵa nkhondo. M'chaka cha 563 Colmcille Woyera anayambitsa nyumba ya amonke pa chilumba cha Iona ku Scotland. Patapita zaka zambiri kunabwera achifwamba a panyanja otchedwa ma Viking, ndipo mu 806 anapha anthu 68 a m'banja la amonkelo. Otsalawo anayamba kumanga ku Kells chaka chotsatira, poti n'kumtunda, kutali ndi nyanja. Ntchito za manja ao ndi za ophunzira ao ndinaziona ndi maso: mitanda italiitali ya miyala yozokotedwa nkhani za m'Baibulo, kanyumba kopemphereramo ka denga la miyala, ndi nsanja yozungulira ya mamita 26.

Koma chimene chinatchukitsa dzina la Kells ndi buku. Buku la Kells ndi Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo, Marko, Luka ndi Yohane, wokopedwa pamanja m'Chilatini cha m'ma 800 pa zikopa za ana a ng'ombe. Mapepala ake otsala ndi 340, okongoletsedwa mwaluso losasimbika. Lero limasungidwa ku Trinity College mu Dublin. Mabuku akale a mbiri ya Ireland amasimba kuti mu 1007 mbala inaba bukuli usiku m'tchalitchi. Linapezeka patapita miyezi iŵiri ndi masiku 20, litakwiriridwa ndi chibuma cha udzu, golide wake yense atakanganulidwa. Mbala ija inathamanga ndi chikuto, n'kutaya Mau a Mulungu m'dothi. Golideyo palibe akudziŵa kumene anathera, pamene chotayidwacho anthu amachokera ku maiko onse kudzachiona.

Madzulo ndinayenda pansi kutuluka m'tauni chakuzambwe mpaka pa kaphiri ka Lloyd. Pamwamba pake paima nsanja ya mamita 30 yofanana ndi zija zounikira zombo, chonsecho nyanja ili kutali. Anaimangitsa mu 1791 ndi mwini minda wolemera wa banja la Taylor pokumbukira bambo wake. Ukaima pamenepo umaona minda ndi mipanda mpaka kumene maso alekeza.

M'munsi mwa nsanjayo muli bwalo la udzu wosalala. Ndinayamba kuliyenda ngati bwalo wamba, kufikira nditaŵerenga chikwangwani chonena kuti ndi manda a amphaŵi. Kuyambira 1845 mpaka 1852 ku Ireland kunagwa njala yoopsa, chifukwa chiwawu chinaononga mbatata ya kachewere, ija timaitcha ailishi m'misika yathu. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ndipo ena ochuluka chimodzimodzi anasamukira ku maiko ena. Ambiri amene anatsikira kuli chete m'nyumba yosungiramo osauka ya ku Kells anaikidwa pa kaphiri kameneka, popanda mwala wotchula dzina la aliyense wa iwo.

Ndinavula chipewa, ndipo mtima wanga unabwerera kwathu. Ndili wansembe watsopano, tsiku lina kunagwa maliro aŵiri. Ena anali a munthu wodziŵika amene anatigulira malata a tchalitchi, ena anali a gogo wina wa kumudzi wakutali, amene Lamulungu lililonse ankakhala pansi kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Kwa wodziŵikayo ndinachita Misa ya maola aŵiri ndi ulaliki wokonzedwa bwino. Kwa gogo uja ndinafika dzuŵa litapendeka, ndinawaza madzi odalitsa mothamanga, njinga yamoto ndisanaizimitse n'komwe. Mdzukulu wao anandithokoza mogwada. Dzina la gogoyo ndinaliiŵala, koma la malata ndikulikumbukira mpaka lero. Kodi pamenepa ndikusiyana bwanji ndi mbala ya mu 1007?

Akhristu anzanga, sindikunyoza amene amapereka ku Eklezia, pakuti popanda iwo tikadapempherabe pansi pa mtengo. Ndikungoulula kuti maso athu, ngakhale a ife ansembe, amathamangira chonyezimira. M'mphakati uliwonse muli munthu amene timamlonjera mochedwa ndi kumtsanzika msanga. M'banjamo mwina ndi mwana wamasiye amene amadya ena atatha.

Nditabwerako ku Ireland ndinafunsa katekisiti wa kumudzi kuja kuti andifufuzire dzina la gogoyo. Analipeza m'kaundula wa ubatizo, ndipo mwezi wa Novembala ndinalitchula pa Misa ya mizimu ya okhulupirira. Mdzukulu uja analipo, atakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Misa itatha ndinapita kukayamba kupatsa moni iyeyo.