Kabaluni ka Kummero: Tsiku Limodzi mu ICU

Ikamakwana 7 koloko m'mawa, anamwino ochezera usiku amakhala akupereka malipoti, aliyense ataima pabedi la wodwala wake. Mawu awo amapikisana ndi makina othandiza kupuma, amene muno amangowatchula kuti ventileta. Pabedi la pakona pagona bambo wonenepa kwambiri. Chibayo chawafikitsa pa ARDS, vuto limene timatumba ta m'mapapo timadzaza madzi ndi kuphwa.

Ventileta imaonetsa presha imene ikukankhira mpweya m'chifuwa, koma sinena kuti mphamvuyo yagawika bwanji. Ina imatambasula mapapo, ina imathera pokankha nthiti, mafuta ndi mimba. Kwa bambowa gawo lachiwirili ndi lalikulu, ndipo dokotala akangokhulupirira makinawo akhoza kuwamana mpweya poopa kuphulitsa mapapo amene sanatambasuke n'komwe. Pamafunika kudziwa presha yozungulira mapapowo. Njira ya chakudya imadutsa kuseri kwa mtima, pakati pa mapapo awiri, choncho ndi pomwe munthu angayezere popanda kuboola chifuwa.

Cha m'ma 9, dokotala alowetsa m'mphuno kachubu kokhala ndi kabaluni chakumapeto, mpaka kafike m'mimba. Apopa mpweya ndi sirinji. Namwino asindikiza pamimba, mzere wa pasikirini udumpha: kafikadi. Ndiye ayamba kukakoka pang'onopang'ono mpaka pa masentimita pafupifupi 40 kuchokera pamphuno, pamene mzere uja uyamba kunjenjemera motsatira kugunda kwa mtima.

Ambiri akanalemba nambala pomwepa n'kupita pabedi lina. Dokotalayu ayi.

"Sisita, tatsekani mpweya akangomaliza kutulutsa."

Aika manja awiri pachifuwa cha wodwala ndi kusindikiza modekha. Mpweya ukatsekedwa, presha ya mu ventileta ndi ya m'kabaluni ziyenera kukwera mofanana. Ukagawa kukwera kwa ina ndi kwa inzake, yankho likhale pakati pa 0.8 ndi 1.2. Baydur ndi anzake anafotokoza kayezedwe kameneka mu 1982 pa anthu opuma okha. Wodwala wogonekedwa ndi mankhwala sakoka mpweya, n'chifukwa chake amachita kumusindikiza. Yankho labwera lotsika. Kabaluni kochepa mpweya kamapereka nambala yaing'ono, kokhuta kwambiri kamakankha khoma la njira ya chakudya ndi kukweza nambala. Madokotala a ku Pavia, ku Italy, anaonetsa mu 2016 kuti mlingo woyenera umasiyana malinga ndi wodwala, ndipo umapezeka powonjezera mpweya pang'onopang'ono. Dokotala wathu nayenso atero. Kachitatu mizere iwiri ikwera limodzi.

Tsopano nambala yalankhula: akamamaliza kutulutsa mpweya, presha ya kunja kwa mapapo ikuposa ya m'kati, ndiye mapapowo akuphwa nthawi iliyonse. Dokotala akweza PEEP, presha imene makina amasiya m'mapapo kuti asatsekeke, mpaka kusiyanako kusatsikenso pansi pa ziro.

Masana alowa achibale, awiriawiri, atasamba m'manja. Akazi awo a bambo aja afunsa ngati kachubu katsopanoka n'kodyetsera.

"Ayi mayi, kakutiuza mmene mapapo a bambo akutambasukira."

Cha m'ma 3, madokotala ophunzira akangana m'kachipinda ka tiyi. Wina akumbutsa kafukufuku wa kabalunika wa Talmor ku Boston mu 2008, wa odwala 61, amene anaonetsa okosijeni akukwera. Mnzake ayankha ndi wa mu 2019, wa odwala 200, amene sanapeze kusiyana pa imfa. Onse akunena zoona. Ine ndili kumbali ya amene amati kabaluni si ka wodwala aliyense, koma kwa munthu wonenepa kapena wotupa mimba kamaonetsa zimene ventileta yabisa, bola kakhale koyezedwa bwino.

Madzulo anamwino anayi awasambitsa bambowo, kuwatembenuza ndi kukweza kumutu kwa bedi. Nambala yasuntha. Munthu akagona chagada mtima umalemera pa kabaluni, komanso kachubu kamatha kutsetsereka kapena kutaya mpweya. Namwino aona chizindikiro cha pamphuno, achotsa mpweya wonse m'kabaluni, apopanso mlingo wa m'mawa uja, aitana dokotala adzasindikizenso chifuwa.

Pofika 10 koloko usiku, bedi lachitatu lalandira wodwala wochokera ku opaleshoni ndipo aliyense wathamangirako. Pachati cha bambo a pakona alembapo kuya kwa kachubu, mlingo wa mpweya ndi ola loyezanso.