Miyala 32 ya ku Blacksburg

Ukachoka mumzinda wa Roanoke, basi imakwera mapiri pafupifupi ola lathunthu isanakutule ku Blacksburg, m'chigawo cha Virginia ku Amereka. Katauni kake nkabata zedi. Chachikulu kumeneko ndi yunivesite ya Virginia Tech, yomwe nyumba zake anamangira miyala yotuwa yokumba komweko.

Pakati pa sukuluyi pali chibwalo cha kapinga, amati Drillfield. Kumtunda kwake ndinapeza miyala 32 itandandalikidwa mokhota ngati uta, uliwonse ndi dzina lake. Amenewa ndi ophunzira ndi aphunzitsi omwe Seung-Hui Cho, mnyamata wa pasukulu pomwepo, adawawombera pa 16 Epulo 2007 asanadziwombere yekha.

Chondiwawa ine, abale anga, nchakuti anthu adaaona. Mu 2005 mphunzitsi wina adamukana m'kalasi mwake kaamba ka zolemba zake zoopsa. Atsikana adakadandaula kupolisi ya pasukulupo kuti akuwasowetsa mtendere. Khoti lidalamula kuti azikalandira thandizo la matenda a maganizo, koma wolondoloza panalibe. Aliyense adangofumbata kachidutswa kake ka nkhani, ena ati poopa malamulo osunga chinsinsi, chikhalirecho malamulowo sadawamvetse nkomwe. Komiti yofufuza yomwe adaika Bwanamkubwa Tim Kaine idaulula zonsezi mu 2007.

Inu a mumsika zoterezi mumazidziwa. Mnzanu wa benchi loyandikana akayamba kuyankhula yekha, wa tomato amaona, wa usipa amaona, nanga wokauza tcheyamani ndani?

Ndiye mu 2008 boma la Virginia lidakhazikitsa lamulo loti koleji iliyonse ya boma ikhale ndi gulu lounika anthu amene khalidwe lawo likudetsa nkhawa. Pamakhala wapolisi, mlangizi wa za maganizo, woyang'anira ophunzira, onse tebulo limodzi. Mphunzitsi kaya mnzake wogona naye chipinda akhoza kukatula nkhawa yake. Iwo amaphatikiza zidutswa zija, nkuona ngati mwanayo akufunika dokotala, womucheza, kapena kumuchotsa kaye pakati pa anzake. Enatu amadandaula kuti uku nkulondalonda ana a eni. Nawonso ali ndi mfundo, komabe ine nditaimirira pa miyala ija zinandivuta kuwavomereza.

Chapafupi pomwepo pali Norris Hall, m'mene mudafera anthu 30 mwa 32 aja. Nyumbayi sadaigwetse. Mu 2009 adatsegulamo malo ophunzirira za mtendere ndi kupewa nkhanza. Ndikudutsa pakhomo pake, anyamata awiri amatulukamo, zikwama kumsana, akukangana za mayeso.