Mtovu Sununkha

Batire ya galimoto ikafa, mwini wake amaona chinyalala, ine ndimaona mtovu. Ntchito zanga kuno ku Kafue ndi ziwiri: kumata marediyeta a malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndi kuumba timitovu tomiza maukonde ta asodzi a ku Chanyanya. Zonsezi zimadalira chitsulo chimodzi chofewa, cholemera, chosachita dzimbiri m'madzi.

Batire ndimaitsegula pamwamba, kukhuthula asidi, n'kusolola mapuleti. Mtovu sufuna moto waukali. Umasungunuka pa madigiri 327, ndiye mbaula ya makala imakwanira. M'chitini mumayamba kuyandama zotuwa, zomwe ndimayengula ndi supuni yachitsulo mpaka pansi pawale ngwee, kenako ndimathira m'chikombole. Chikombolecho chiyenera kuuma gwa, chifukwa kadontho ka madzi kamathovutsira mtovu wamoto kumaso. Kupsa aliyense amakuopa. Chimene ambiri saopa ndi zotuwa zija, komanso phala louma la pa mapuleti, lomwe limanyenyeka n'kukhala fumbi lolowa m'zikhadabo, m'ndevu ndi m'matumba a ovolosi.

Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi ndi zitsulo n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu mtsinje wa Kafue. Ku Kitwe anatseka madzi a m'mipope, nsomba zinayandama zakufa, ndege za asilikali zinathira laimu mumtsinje. Ngakhale kuno kumunsi, kutali ndi Copperbelt, anthu ankafunsa kawiri asanagule nsomba. Mantha amenewo anali oyenera. Komatu poizoni uja ankaoneka ndi maso, pomwe wa pa mbaula yanga alibe fungo, sayabwa pakhungu, ndipo sagwetsa munthu tsiku lomwelo.

Amisiri anzanga omwe mtovu wawalowa ndimawazindikira chonchi. Munthu amayamba kudandaula m'mimba mopotokola, masiku n'kumapita osachita chimbudzi. Mutu suleka, m'kamwa mumamveka chitsulo, m'zikope mumayera chifukwa magazi achepa. Amene anali wanthabwala amasanduka wamkwiyo, n'kumaiwala pomwe waika sipanala. Zikafika patali dzanja limalendewera pamkono, osatha kulidzutsa, ndipo ena amakhala ndi kamzere kotuwa moderako m'nkhama, m'mphepete mwa mano. Zambiri mwa izi zimafanana ndi malungo kapena zilonda za m'mimba, n'chifukwa chake wina amamwa mankhwala a malungo kangapo, wina amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti mnzake wa shedi yoyandikana wamuponyera. Chotsimikizira n'chimodzi basi, kuyezetsa kuchuluka kwa mtovu m'magazi. Ndipo adokotala sangalote. Ukalowa uyenera kunena wekha kuti, "Adokotala, ine ndimasungunula mabatire."

Ana ndiye nkhani ina. Thupi la mwana limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu, makamaka m'mimba mukakhala mopanda kanthu kapena ayironi akachepa. Kawirikawiri saonetsa kudwala kulikonse, amangochedwa kulankhula, kusukulu n'kumatchedwa mbuli. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu akupezekabe nawo m'magazi chifukwa cha dothi lomwe amaseweramo, ndipo mu 2020 nkhaniyi inakafika kukhoti ku Johannesburg pa mlandu wosumira kampani ya Anglo American. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu womwe ndi wabwino m'thupi. Mmisiri wopita kunyumba ndi ovolosi ya kuntchito, mwana n'kumuthamangira kudzamukumbatira, wamutengera Kabwe pakhomo.

Pali chikhulupiriro chakale pakati pa owotcherera ndi openta chakuti mkaka umatsuka poizoni. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani, koma sutulutsa mtovu womwe walowa kale. Mtovu umakhala m'magazi kwa milungu, kenako umakabisala m'mafupa kwa zaka zambirimbiri, ndipo kwa mayi woyembekezera umatulukanso n'kupita kwa mwana wosabadwayo.

Chithandizo chenicheni chimayamba ndi kumuchotsa munthu pa gwero la fumbilo. Mlingo ukakwera kwambiri, monga mamaikirogalamu 45 pa desilita kwa mwana, madokotala amapereka mankhwala ogwira mtovu m'magazi kuti utuluke ndi mkodzo. Alipo akumwa otchedwa succimer, onunkha ngati dzira lowola, ndipo alipo a m'diripi otchedwa calcium EDTA. Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, komwe ana mazanamazana anafa mu 2010 ndi fumbi la miyala ya golide yokhala ndi mtovu, a bungwe la Médecins Sans Frontières anapulumutsa ambiri ndi succimer. Si mankhwala ogula pamsika, chifukwa amafuna kuyang'anira impso ndi magazi, ndipo ubongo ukawonongeka sabwezeretsa.

Pa shedi yanga malamulo ndi ochepa. Ndimasungunulira panja, mphepo ikuchokera kumsana, moto wosapitirira muyeso. Pansi ndimawaza madzi ndisanasese. Nsima sidyedwa pafupi ndi mbaula, fodya sagwiridwa ndi manja osasamba sopo, ovolosi imagona konkuno. Mnyamata wophunzira ntchito akabwera ndi mng'ono wake, ndimamuuza kuti, "Iwe, kamwanako kabwerere kunyumba."

Ovuta ndi makasitomala anga enieni. Msodzi akamamanga ukonde amaika kamtovu pachingwe n'kukafinya ndi mano, kena ali atakasungira m'tsaya. Ndikati, "Amdala, tengani pulayala," amaseka n'kuyankha kuti atate awo ankaluma momwemo. Ndiye masiku ano ndimaumba timitovu tokhala ndi bowo pakati, toti chingwe chizingolowa. Timadya nthawi pa chikombole ndipo mtengo wake ndi wokwererapo pang'ono, moti ena amafunabe takale tija.