Kalonga wa m'Komboni ya ku Trojan

Ku Bindura, tauni ya migodi yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, kuli kanyumba kena m'komboni ya mgodi wa Trojan momwe madzulo, magetsi akakhala kuti alipo, mumalira kanyimbo kamene anthu ambiri anakaiwala kale. Ndi kanyimbo kotsegulira Windows 98. Mwini nyumbayo ndi bambo wa zaka za m'ma 40, wokonza mawaya a magetsi. Foni yamakono ali nayo m'thumba ngati wina aliyense, koma akaweruka amavundukula chitenje chimene chimaphimba kompyuta yofuwirira ngati dzino la nkhalamba, n'kuidikira modekha kuti idzuke.

Anzake amamuseka. Amamukumbutsa kuti eni ake a Windows 98, kampani ya Microsoft, anaitaya kale mu 2006. Iye sakana. Chimene amachikonda kwenikweni chili pansi pa Windows yomweyo: chophimba chakuda cha MS-DOS, pomwe palibe kachithunzi kodina, koma munthu amalemba yekha chimene akufuna. Amati DOS ili ngati mfumu ya pabwalo yosamva mikuluwiko: ukaphonya chilembo chimodzi, mlandu wako sumveka, ukalankhula molunjika, chitseko chimatseguka pomwepo.

Kuseri kwa chitsekocho kuli masewera ake. Kuli Dangerous Dave wa John Romero, kamunthu ka chipewa chofiira kosaka chikho kuti katuluke pakhomo. Kuli Doom ya 1993. Koma mtima wake uli pa Prince of Persia, yomwe Jordan Mechner anaitulutsa mu 1989 ndipo inafika pa DOS mu 1990. Mechner anajambula mng'ono wake pa kanema akuthamanga ndi kudumpha, kenaka n'kutsanzira mayendedwewo chithunzi ndi chithunzi, n'chifukwa chake kalonga wa m'masewerawo amapepesuka ndi kugwira khoma ngati munthu weniweni. Ndende, zisonga, malupanga ndi nduna yoipa Jaffar, zonsezo zimakwana pa kadisiki kamodzi ka 1.44 MB, momwe chithunzi chimodzi cha foni yalero sichingalowe. Wosewera amapatsidwa mphindi 60 zokha kuti apulumutse mwana wamkazi wa mfumu.

Kompyutayo inali ya malemu bambo ake. Mkuluyo anachoka ku Dedza ali mnyamata, nadutsa dziko la Tete monga anachitira ambiri a ku Nyasaland, nayamba walima pa mafamu asanalowe mumgodi wa nikelo. Kwawo sanabwererenso, anakhala mtchona. Atapuma ntchito anasankhidwa kukhala mlembi wa bungwe lothandizana pa maliro, ndipo ofesi ina itayamba kugulitsa makompyuta otha ntchito, anagula imodzi. Mwana wake ankangofuna masewera. Mkuluyo ankafuna kaundula. Ndi zala ziwiri, usiku ndi usiku, analembamo dzina la aliyense wa m'bungwemo, mfunda wake, mudzi wa makolo ake, mfumu yake ndi boma lake: Dedza, Ntcheu, Mchinji, Katete, Angónia. Fayiloyo anaitcha KUMUDZI, dzina lokwanira bwino m'malire akale a DOS a zilembo 8.

Panali chinthu chimodzi chimene makinawo anamukaniza. Mkuluyo anaphunzira kulemba pa nthawi imene chilembo cha ŵ chinali ndi ulemu wake, ndipo khutu lake linkasiyanitsa liwu lopepuka la mu Malaŵi ndi w wamba. Pa kiyibodi panalibe chilembocho, ndipo Notepad ya Windows 98 sinkatha kuchisunga. Choncho paliponse pofunika ŵ ankalemba w n'kutsatiza kachipewa pambali, motere: w^. Kaundula yense ndi wodzaza tizipewa takugwa pamutu timeneti, umboni wa munthu wokana kuti makina amuphunzitse kutchula dzina la kwawo.

Kaundulayo sanali wa maliro okha. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a machona, obadwira m'Zimbabwe momwemo, anapezeka kuti akuwerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a 2013 anawazindikiranso monga nzika ngati kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pa zaka zimenezo anthu ankagogoda pakhomopo, ena osadziwa ngakhale boma limene agogo awo anachokera, ndipo yankho linkapezeka m'makina omwe aja osewerera Dangerous Dave. Mgodi utaimitsa ntchito mu 2008, ndalama ya dzikolo itasanduka masamba, banjalo linagulitsa njinga ndi wailesi. Kompyuta mkuluyo anaikaniza.

Lero ana a m'komboni amalankhula Chishona kusukulu, kumsika ndi pamasewera. Chichewa amachimva m'nyimbo za Gule Wamkulu ndi pa maliro, koma pakamwa chimawalemera. Bamboyo sanawadzudzulepo. Anangoika lamulo limodzi: wofuna kugwira kiyibodi alankhule Chichewa, ndipo oonerera amulangize m'Chichewa. Madzulo m'nyumbamo mumamveka mfuu: dumpha, werama, samala zisonga, solola lupanga, usamwe botolo limenelo. Ana amene sakanatha kulonjera agogo bwinobwino anayamba kukangana pa kusiyana kwa kudumpha ndi kujowa. Ngakhale mawu akuti kalonga anawaphunzira pamenepo, ndipo m'pamene anamva koyamba kuti linalinso dzina la ulemu la mafumu a Amaravi.

Chaka chino, m'nyengo yozizira, makinawo anayamba kugogoda m'kati ngati chiswe m'nsichi. Wokonza magetsi sanafunike kuuzidwa: chosungira mafayilo chinali kutha. Masewera sanamudetse nkhawa, pakuti alipo ambiri pa intaneti ndipo pulogalamu ya DOSBox imawayendetsa pa kompyuta iliyonse yamakono. Koma KUMUDZI inali imodzi yokha pa dziko lonse. Anayesa madisiki akale, onse anali atachita nkhungu. Anayesa fulashi, Windows 98 sinaizindikire. Anajambula masamba angapo ndi foni, koma chophimba chakalecho chinkaphethira, mizere yakuda n'kudula mayina pakati.

Tsiku lotsatira anagula makope awiri ndi zolembera, naitana mdzukulu wake, mwana wa mlongo wake, mtsikana wa zaka 13 amene ankaposa onse pa Prince of Persia.

"Lero kulibe kalonga," anatero. "Ine ndiziwerenga, iwe uzilemba."

"Nanga magetsi akathima, amalume?"

"Tidzapitiriza akabwera. Koma tisazengereze, makinawa satidikira."

Anagwira ntchitoyo masiku asanu ndi limodzi. Iye ankawerenga mokweza, mtsikanayo ankabwereza asanalembe. Mayina ena ankawadziwa: agogo a mnzake wa kusukulu, mayi wogulitsa tomato pafupi ndi sitolo. Atafika pa dzina la agogo ake enieni, ndi mudzi wa ku Dedza umene sanauonepo, anaima n'kuloza pa chophimba.

"Kanthu aka kali pambali pa w n'kachiyani, amalume?"

"N'chipewa. Agogo ako ankafuna kuchiveka pamutu pa chilembocho, makina anakana."

Mtsikanayo anayang'ana cholembera chake, kenaka analemba w, namuveka chipewa pamutu pomwe. Anabwerera m'masamba a m'mbuyo n'kukonza ena onse amene anawadumpha.

Kompyutayo ikuyakabe, ngakhale imagogoda kwambiri kuposa kale. Makope awiri aja ali m'chitini pamwamba pa kabati, limodzi ndi ziphaso za banjalo. Madzulo ana amabwerabe, kalonga amagwerabe pa zisonga, ndipo wina akaiwala n'kukuwa m'Chishona, mtsikana uja ndi amene amamulanda kiyibodi.