Zala Zinapindika Ndikumwa Mankhwala

Matenda anga anayamba mwana wanga womaliza akadali kuyamwa. Ndinkadzuka m'mawa manja ali gwa, zala zitatupa pamfundo zapakati ndi patsinde, dzanja lamanja ndi lamanzere chimodzimodzi. Kumanga chitenje inali nkhondo. Thewera sindinkatha kulifinya. Ndinkaliika pamwala n'kuliponda ndi phazi kuti madzi achoke. Koma dzuwa likakwera manja ankamasuka, ndipo m'kalasi ndinkalemba pabolodi bwinobwino. Apa m'pamene panagona tsoka langa. Munthu wobuula m'mawa mokhamokha, masana n'kumaseka ndi aphunzitsi anzake pansi pa mtengo, anthu amati ndi waulesi, ndipo naye amayamba kudzikayikira.

Apongozi anati, "Mwana wanga, mwafulumira kugwira madzi ozizira mutangobereka. Zimenezi zimatha zokha." Mayi anga aang'ono iwo anati ndinaponda, pakuti kusukulu kwathu kunali kulimbirana udindo. Ananditengera kwa sing'anga, ndipo ndinapita ndi mtima wonse, palibe anandikoka. Mphini zake zilipo mpaka lero m'mikono ndi m'mawondo. Sanandichiritse, koma ndinene chilungamo: anandikhazika pamphasa, anandigwira manja, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kuchipatala zinanditengera zaka kuti ndipeze munthu wochita zimenezi.

Si kuti kuchipatala sindinkapita. Ukafika m'mamawa umapeza mzere wazungulira khonde, woona odwala ali mmodzi. Pofika nthawi yoti ndilowe, manja anali atamasuka kale, umboni utafufutika. "Chavuta n'chiyani, mayi?" "Mafupa akuwawa, adokotala." Ankandituma kukayezetsa malungo, malungo osapezeka, basi panado ndi burufeni. Tsiku lina indosidi. Tsiku lina jakisoni wa diclofenac. Nthawi zonse ndinkapeza nkhope yatsopano, ndipo aliyense ankatsegula kabuku kanga patsamba lopanda kanthu n'kuyamba kulemba, osabwerera m'mbuyo kuti aone kuti mayi yemweyu wakhala akudandaula chinthu chomwechi. Anthu amenewa sanali oipa mtima. Ngati panja pakudikira mwana wokomoka ndi malungo komanso mayi wotaya magazi, mayi wobwera woyenda yekha kudzadandaula zala ndi woti umuthamangitsire kuwindo la mankhwala. Koma mankhwala onse aja amangoziziritsa ululu ndi kutupa, matenda enieniwo osawakhudza. Kunali kuzira khoma kunja, chiswe chikudya nsichi m'kati.

Matenda anga ndi rheumatoid arthritis, mtundu umodzi wa nyamakazi. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira mwini wake n'kuyamba kumenya kachikopa kopyapyala kokuta m'kati mwa mfundo. Kachikopako kamatupa, kamakhuthala, kenako kamayamba kudya fupa lofewa la pamfundo ndi fupa lenilenilo. Kuwonongeka kumeneku kumatha kuyamba m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo fupa likadyeka silimeranso. N'chifukwa chake akatswiri amati mankhwala oletsa matendawa ayambike m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo mwa anthu 100 alionse, 70 anali akazi. Si ofanana ndi kutha kwa mawondo a agogo chifukwa cha ukalamba ndi ntchito, si ofanana ndi gout imene imatupitsa chala chachikulu cha kuphazi usiku umodzi, makamaka mwa abambo, ndipo si lupus. Aliwonse ali ndi mankhwala ake. Ife tonse tinkatuluka ndi kapepala kamodzimodzi ka burufeni.

Chimene chinatsala pang'ono kundipha ndinachilandira kwa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo anandipatsa mwachikondi. "Achemwali, tayesani awa, mayi anga amamwa omwewa." Anali timapiritsi ta prednisolone. M'masiku ochepa ululu unatheratu. Ndinatakasa nsima, ndinachapa, ndinavina kukwaya, ndinapereka umboni kuti Mulungu wandichiritsa. Atatha ndinakagula ena kufamase, ndipo palibe anandifunsa chikalata cha dokotala. Ululu ukabwerera ndinkawonjezera piritsi.

Pambuyo pake ndinawerenga mbiri ya mankhwala a mtundu umenewu, ndipo ndinaseka ndekha mowawidwa mtima. Mu 1948, ku Mayo Clinic m'dziko la America, dokotala Philip Hench ndi anzake anabaya cortisone mayi wa zaka 29 amene matenda omwewa anamugoneka, ndipo m'masiku ochepa mayiyo anadzuka n'kuyenda. Mu 1950 Hench analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi akatswiri ena awiri. Koma sipanapite nthawi madokotala anaona kuipa kwa kumwa mankhwala otere ambiri kwa nthawi yaitali. Chimene dziko linachiphunzira makolo anga ali ana, ine ndinachiphunzira pathupi langa. Nkhope inazungulira, mimba inakula, miyendo n'kumaonda. Anthu ankati, "Mwanenepa aphunzitsi, banja likukoma." Shuga anakwera, BP inakwera. Mwezi wina malipiro atachedwa ndinasiya kumwa mwadzidzidzi, ndipo ndinagwa ndi chizungulire, kusanza ndi kufooka koopsa, chifukwa munthu akamwa prednisolone nthawi yaitali, tiziwalo ta pamwamba pa impso timasiya kupanga mphamvu yofanana nayo imene thupi limafuna. Mankhwalawa amayenera kuchepetsedwa pang'onopang'ono. Ndinabwereranso pa mapiritsi, ndikuphatikiza ndi indosidi, mpaka tsiku limene chimbudzi changa chinada bii. Chinali chilonda cha m'mimba chikutaya magazi. Chilonda chimenechi ndicho chinandipezera kalata yopita ku chipatala chachikulu, imene zala zanga zinalephera kundipezera zaka zonsezo.

Kumeneko dokotala wina wachitsikana, wamng'ono kwa ine, anachita chinthu chimene chinandiliza. Anauza bambo a kunyumba kuti abweretse timabuku tanga tonse takale, ndipo anatiwerenga kuyambira tsamba loyamba. Kenako anatenga manja anga n'kuyamba kusinikiza mfundo iliyonse, imodziimodzi, akuwerenga zotupa ndi zopweteka. Anandifunsa kuti m'mawa manja amauma nthawi yaitali bwanji. Funso losavuta chonchi, losafuna makina kapena magetsi, palibe anali atandifunsapo. Magazi ndi ekisire zinangotsimikiza zimene zala zake zinali zitapeza kale. Anati, "Amayi, zala zimene zapindika kalezi siziwongokanso. Koma zotsalazi tizitchinjiriza." Bambo a kunyumba anafunsa kuti mankhwala ochiritsiratu ndi ndalama zingati. Anawayankha kuti ochiritsiratu palibe, alipo ndi ogonetsa matenda, ndipo ndidzakhala nawo zaka zambiri.

Mankhwalawo ndi methotrexate. Anayamba ngati mankhwala a khansa, ndipo bambo a kunyumba atawerenga kapepala ka m'bokosi anakhala masiku osandiyang'ana m'maso, akuganiza kuti dokotala wandibisira. Pa nyamakazi amamwedwa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi pa khansa. Ku America anawavomereza pa matendawa mu 1988, ndipo ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse, pamodzi ndi hydroxychloroquine ndi sulfasalazine. Si mankhwala achilendo kapena a anthu olemera okha. Koma ali ndi malamulo ake okhwima. Amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku. Anthu afa chifukwa chosokoneza pamenepa. Ine ndinasankha Lachisanu madzulo, kuti nseru ikabwera indipeze Loweruka ndili pakhomo. Pamafunikanso folic acid. Mowa ayi. Mimba ayi, chifukwa amawononga mwana wosabadwa, ndipo nkhani yolera imeneyi inafika mpaka kwa ankhoswe, apongozi atamva kuti mdzukulu wina sabweranso. Magazi amayenera kuyezedwa, poyamba pafupipafupi, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, kuti aone chiwindi, impso ndi kuchuluka kwa magazi. Ndipo sagwira msanga: pamapita milungu isanu ndi umodzi mpaka khumi ndi iwiri. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene amanena mwambiwu manja ake amakhala sakuwawa. Dokotala uja akanapanda kundichenjeza za kuchedwa kumeneku, ndikanawataya m'mwezi woyamba n'kubwerera ku prednisolone wanga.

Anagwira. Kutupa kunachepa, prednisolone anachotsedwa pang'onopang'ono, shuga anatsika. Wa mafizo anandiphunzitsa kuviika manja m'madzi ofunda m'mawa ndi kuwongola zala, ndipo anandiuza kukulunga mphira pachigwiriro cha mthiko kuti chinenepe, dzanja lisamafinye kwambiri.

Phunziro lachiwiri lowawa linabwera zinthu zikuyenda bwino. Kabuku kanga kanadzaza, ndinagula katsopano, kakale n'kukasiya m'sutikesi. Nditadwala chikhodzodzo ndinapita ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo anandilembera bakitirimu. Sanandifunse kuti ndimamwa mankhwala anji, ndipo ine sindinanene, poganiza kuti za mkodzo n'zina, za mafupa n'zina. Bakitirimu ndi methotrexate sayenderana. Onse awiri amasokoneza kagwiritsidwe ntchito ka folic acid m'thupi, ndipo akakumana amatha kufooketsa mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. M'kamwa munatuluka zilonda zoti ngakhale phala sindinkameza, thupi linatentha, ndipo ndinagonekedwanso. Taganizani kuchuluka kwa bakitirimu m'dziko lathu lino. Amalembedwa pa chifuwa, pa m'mimba, pa mkodzo, ndipo abale athu ambiri amene ali pa ma ARV amamumwa tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo, pachikuto cha kabuku kalikonse kamene ndagula ndimalemba ndekha ndi cholembera chofiira dzina la mankhwala anga, ndipo ndimalitchula ndisanakhale pansi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti dziko lathu limadziwa kale kusamalira munthu wa matenda okhalitsa. Mlamu wanga ali pa ma ARV, amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004. Ali ndi tsiku lake, khomo lake, khadi lake losungidwa kuchipatala. Amamukweza pasikelo, amamuyeza magazi pa nthawi yake, amamupatsa mankhwala a miyezi ingapo, ndipo akajomba amamuimbira foni kapena kumulondola pakhomo. Amene amachita zonsezi si maprofesa. Ndi anamwino ndi makiliniko ofesa a pachipatala chomwe chija chimene ine ndinkafola mzere, anthu ophunzitsidwa bwino chinthu chimodzi n'kupatsidwa ndondomeko yomveka. Madokotala a nyamakazi ndi ochepa kwambiri kuno, ndipo zipatala zazikulu zili ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Tikati tidikire katswiri m'boma lililonse, zala za anthu zitha. Koma kuphunzitsa woona odwala kuti mfundo za m'manja zikatupa mbali zonse ziwiri kwa milungu ingapo, ndipo m'mawa zikuuma kupitirira theka la ola, agwire manjawo n'kulemba kalata m'malo mwa burufeni, sikufuna ndege kapena nyumba yosanja.

Njira yake ilipo kale. Ku Neno, boma pamodzi ndi bungwe la Partners In Health, limene kumeneko amalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, anatsegula kiliniki za matenda aakulu osapatsirana, kumene anamwino ndi makiliniko ofesa amatsata odwala shuga ofuna insulin, odwala sickle cell, ndi odwala mtima. Mu Ogasiti 2022, ku Lomé m'dziko la Togo, nduna za zaumoyo za mayiko a mu Africa zinagwirizana kuti njira imeneyi, yotchedwa PEN-Plus, ifike m'zipatala za m'maboma. Ena mwa odwala mtima amenewa ndi ana a msinkhu wa kalasi yanga. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 amadwala zilonda zapakhosi, sizichizidwa, ndipo patapita milungu iwiri kapena itatu thupi limatentha, bondo limatupa, mawa lake ululu wasamukira pa kakolo kapena pa chigongono. Mfundozo zimachira, koma mtima umatsala ndi chipsera, ndipo chimene chimauteteza ndi jakisoni wa penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka. Masiku ano mwana akajomba chifukwa cha "mwendo", ndimaitanitsa kholo. Ndikulakalaka khomo la kiliniki zoterezi litatsegukiranso ife a manja otupa, methotrexate n'kumapezeka pa boma pomwepo, magazi n'kumayezedwa pomwepo.

Pakadali pano sizili choncho kwa ambiri a ife. Chaka chatha mtsikana wina wa kukwaya, mwana wake ali kumsana, anandinong'oneza kuti m'mawa akulephera kumanga mabatani. Ndinamugwira manja, ndinamulembera papepala zoti akanene kuchipatala. Anabwerako ndi burufeni. Tinapitanso limodzi, ndinaika manja anga patebulo pambali pa ake n'kunena kuti, "Adokotala, chonde taonani awa, kenako muone awa." Woona odwalayo anayang'ana, anaimirira, anasinikiza mfundo za mtsikanayo, ndipo analemba kalata. Mtsikanayo anayamba mankhwala zala zake zisanapindike. Koma mankhwala ndi kuyezetsa magazi zonse zili mumzinda, mwamuna wake amayendetsa kabaza, ndipo mtengo wa minibasi wakweranso. Tsiku lake lomaliza sanapite. Mapiritsi amene ali nawo atha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo amayi a kukwaya tayamba kusonkha.